Amalume a M'khoma

Inu amene mukuyendetsa bizinesi, koma mukamva za makompyuta mumati "zimenezo n'za anyamata a mawaya," tamvani izi.

Lolemba lina m'mawa, mayi wina anakhala pa kampando ka ana m'chipinda chopanda munthu, mawondo atafika pachifuwa. Anali mwini wa sukulu zitatu za mkaka, ndipo aliyense ankamutchula kuti Mayi Dayilekita. Tsiku limenelo palibe kholo lomwe linabweretsa mwana. Timatiresi tinali titaunjikidwa pakona, pa msomali patatsala kajuzi koiwalika. Pamwamba pa chitseko panali kamera yozimitsa, koma mayiyo ankaopabe kudzutsa mutu kuti aiyang'ane.

Makamerawo ndi omwe anamutchukitsa. Kholo lili kuntchito linkatha kuona mwana wake pa foni, ngakhale kumulankhula kudzera m'kasipika ka pa kamerapo. Tsiku lowaika, mmisiri anafunsa ngati kholo lililonse lipatsidwe pasiwedi yakeyake. Mayi Dayilekita anali akuthamangira kumsonkhano, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Ikani imodzi yosavuta, ya onse. Sindikufuna azindiimbira kuti aiwala."

Pasiwedi ija inayenda khomo ndi khomo ngati mchere wopempha. Makolo anapatsa azakhali, azakhali anapatsa anzawo a kuntchito, ndipo ana omaliza sukulu akamachoka, makolo awo ankapita nayo. Palibe anaganizapo zoisintha.

Oyamba kudziwa anali ana. Kamtsikana kena kanakana kugona masana, kati amalume a m'khoma akukaitana. Aphunzitsi anaseka. Posakhalitsa ana ena anayamba kufunda kumutu kunja kukutentha, ena kubayibitsa khoma poweruka. Onse ankang'ung'udza kanyimbo kamodzi komwe palibe mphunzitsi anawaphunzitsa.

Masana ena Mayi Dayilekita anasuzumira m'chipinda cha anawo nthawi yogona. Mphunzitsi anali atatuluka kukatsuka makapu, makatani ali otseka, ana ali zii. Ndiye mayiyo anamva mawu a mwamuna, otsika, osafulumira, akutchula anawo mayina mmodzimmodzi. Kamera inatembenuka yokha pang'onopang'ono n'kuima pa iye.

"Mwaswera bwanji, Mayi Dayilekita? Musawadzutse."

Mayiyo anazula chingwe cha kamerayo pakhoma.

Mlongo wake, yemwe ankayendetsa naye bizinesiyo, anatseka chitseko cha ofesi.

"Achemwali, tingosintha pasiwedi mwakachetechete, nkhani ithere pompano. Mukauza makolo, basi tatha."

"Munthu ameneyu akudziwa mayina a ana a eni, ndi nthawi yomwe amaweruka. Ndibise zimenezo, mawa akawadikirire pageti?"

Mayi Dayilekita anaitanitsa makolo n'kuwauza zonse. Bambo wa kamtsikana kaja anaimirira.

"Mwana wanga amasintha zovala m'chipinda chimenecho. Munafunsa ndani kuti muikemo kamera?"

Mayiyo sanafunse aliyense, ndipo manyazi a tsiku limenelo anamupweteka kuposa mantha.

Makolo anatenga ana awo. Mlongo uja anachoka, sukulu ziwiri zinatsekedwa. Apolisi anafufuza koma mwini mawu sanapezeke mpaka lero. Kumsika ankati ndi mizukwa, ena ankati mayiyo anakhwimira bizinesi ndipo zamutembenukira. Mzukwa wake uti? Chitseko anachisiya chotsegula yekha, ndipo iye ankadziwa.

Akanatha kuloza chala mmisiri uja, monga achitira mabwana ambiri. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Anadzuka pa kampando kaja n'kukalembetsa maphunziro a chitetezo cha makompyuta, m'kalasi la achinyamata a msinkhu wa ana ake.

Sizinali zophweka. Ankataipa ndi chala chimodzi, magalasi ali kumapeto kwa mphuno, anzake akumuseka kuti Anti akusankha nyemba. Mayeso oyamba analephera. Analira m'galimoto, n'kupukuta misozi, mawa lake n'kukhala mpando wakutsogolo. Ankafunsa mpaka mphunzitsi kupuma mozama, osachitanso manyazi, poti safunsa anadya phula.

Pa sukulu yotsalayo anayambiranso ndi ana ochepa a anthu oyandikana nawo. Anachotsa makamera m'chipinda chogona ndi mosinthira zovala. Timasipika anatitaya. Kholo lililonse linalandira pasiwedi yake, yotsimikizira ndi nambala yobwera pa foni, ndipo mwana akachoka, pasiwediyo inkafa tsiku lomwelo.

Tsiku lina kunabwera wamalonda wovala bwino ndi makina ozindikira nkhope za ana pageti. Kale mayiyo akanasaina asanamalize kumva.

"Nkhope za anawa zikasungidwa kuti? Azikaziona ndani? Kholo likakana, mutani?"

Wamalondayo anangobwereza kutamanda makina ake. Mayiyo anakana. Sukulu ya patsidya pa msewu inagula makinawo n'kudzaza ana, iye akuona pawindo mipando yake ili mbee. Zinamuwawa, koma sanasinthe maganizo.

Patapita zaka, m'mawa wina pageti panaima bambo wa kamtsikana kaja, atagwira dzanja mwana wake wina wamng'ono. Sanamwetulire.

"Mayi, mungandilonjeze kuti sizidzachitikanso?"

Bodza laling'ono likanakwana.

"Ayi, bambo, sindingalonjeze. Akuba nawo amaphunzira. Koma bwerani ndikuonetseni amene angaone mwana wanu, amene sangamuone, ndi chomwe ndingachite zitavuta. Ndipo zikadzavuta, mudzamva kwa ine musanamve kwina."

Bamboyo analowa. Anayang'ana m'makona onse a chipinda chogona, n'kugogoda ngakhale khoma. Anafunsa mafunso ambiri, ndipo mayiyo anayankha yekha, osaitana aliyense. Pomaliza bamboyo anagwada, n'kuvula mwana wake kachikwama kumsana, n'kukapereka m'manja mwa Mayi Dayilekita.

"Amaopa kugona yekha," anatero, ndipo anatuluka.

Makolo ena atamva kuti bambo ameneyo wabwerera, nawonso anayamba kubwera.

Inu abwana, chomwe anthu akusungitsani m'makina anu si manambala chabe. Ndi ana awo, matenda awo, pomwe amagona. Musasaine chomwe simukuchimvetsa, ndipo musabise chomwe eni ake ayenera kudziwa. Ngati munagwa kale, anthu n'kukuthawani, musataye mtima. Dzukani, mukakhale mpando wakutsogolo, muphunzire.