Nkhwani wa Kuseri kwa Chingwe

Chaka chimene mwana wanga anayamba kuyenda, ndinali munthu wamantha zedi. Ndinkaopa masitepe a pafulati pathu ku Edmonton, ndinkaopa chimfine, ndinkaopa ngakhale wogogoda pakhomo. Satifiketi yanga ya ukalaliki inali m'sutikesi, ine ndili pawindo kuyang'ana mabasi. Ndipo ndinene zoona, chimene ndinkalakalaka sinali ntchito ayi. Unali nkhwani wotendera. Ndinkachita kuulota.

Amayi ena a kutchalitchi kwathu, amene anabwera kuno kalekale amuna awo atathawa zandale, ananditenga Loweruka lina kupita ku famu ina kuseri kwa Romford. Kumeneko umalipira pageti, amakupatsa kadengu, n'kumathyola wekha zipatso. Chikwangwani cha pageti chinali chaukali: ana agwidwe padzanja, osadumpha chingwe, wovulala kunja kwa mizere ndi zake. Mwana ndinam'bereka msangamsanga, chitenje n'kumanga ndithu kuti ndi!

Anthu onse anali chiweramire m'mizere ya masitiroberi. Koma kutsidya kwa chingwe kunali maungu, masamba ake biriwiri, akungoyanga popanda wowayang'ana.

"Mwanawe, ukuona zimene ndikuonazi?" anatero amayi aja, mwendo umodzi uli kale kutsidya.

"Amayi, atimangitsatu anthu awa!"

"Amange ndani? Ndiwo zikungokalamba izi. Bwera nako kadenguko."

Ndinadumpha. Tinathyola anthete okhaokha, mosamala, osaponda dzungu ngakhale limodzi. Manja ankayabwa, ine kumangoseka ndekha.

Kenaka anatulukira mwini famu, mzungu wamtali wovala majombo, nkhope ili psu. Anayang'ana m'madengu mwathu n'kufunsa ngati tikuweta mbuzi.

"Mbuzi zake ndi ifeyo, bambo," anayankha amayi aja m'Chingerezi chawo chofatsa.

Atamva kuti tikadya masambawo, munthu uja anagwira mutu. Anati inshulansi yake imathera pachingwe. Tikakadwala m'mimba, kapena mwana akagwera m'ngalande, mlandu ukhala wake. Ine ndinayamba kukhuthula kadengu kanga. Amayi anandigwira dzanja.

"Munapopera mankhwala muno?" anatero amayi, kufunsa mzungu uja.

"Ayi."

"Ndiye vuto lili pati? Kwathu wopatsidwa ndiwo sasumira mwini munda. Amawomba m'manja."

Anakhala pansi pomwepo, miyendo tambalale, n'kuyamba kusadzula tsamba limodzi kuti mwini famuyo aone mmene timachotsera ulusi wake. Mzungu uja anayang'anitsitsa, n'kuyesa naye, tsamba n'kumuthothokera m'manja. Mwana wanga kumbuyoku anaseka chikhakhali, naye bambo uja anaphulika.

Komabe anati kugulitsa sangatigulitse, kupatsa sangatipatse. Anangotenga madengu onse awiri n'kutiuza kuti timutsate. Ndinayenda kumbuyo kwake ndikuganiza za apolisi ndi zimene ndikawauze bambo a mwana. Titatuluka pageti, anayala katoni yoyera pambali pa msewu, n'kukhuthulirapo nkhwani wonse.

"Izi ndataya," anatero. "Zotaya si zanganso."

Anatembenuka n'kumapita akuimba likhweru. Amayi anagwada pang'ono n'kuwombera m'manja msana wakewo.

M'basi tinakhala ndi majumbo odzaza pamiyendo, tikutsutsana ngati nsinjiro za m'botolo zingalowe m'malo mwa zosinja. Zinalowa. Madzulo ake ndinadya mpaka kumasula chitenje, ndipo mwana wanga, amene ankalavula chilichonse chobiriwira, anandikankha dzanja kuti azidya yekha.