Msewu wa pa Sikirini ya Amake Zione

Ine ndimagulitsa vitumbuwa pakhonde la shopu ya amake Zione, kuseri kwa msika wa Katete. Ndinayamba kukhala pamenepo mwana wanga ali wakhanda, iwo atandiona ndikupsa ndi dzuwa m'mbali mwa msewu n'kundiitana kuti ndibwere pamthunzi. Sindine wolankhulalankhula. Ndimakhala pakampando kanga mwana ali kumbuyo, ndipo popeza chitseko chimakhala chotsegula, za mkati ndimaziona zonse. Zina zimene ndalemba pano anachita kundiuza eni ake.

Dzina lawo ndi a Filomena. Anabadwira kufupi ndi Vubwi, kumene munthu akapita kotheba nkhuni amatha kupezeka ali m'Malawi osadziwa. Sukulu anangoilawa chabe. Manambala amawadziwa, koma mawu olembedwa ayi, ndipo sabisa. Amuna awo, malemu a Bernard, anali ojambula zithunzi. Ankayenda panjinga m'midzi, pamaukwati, pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, mpaka kupitirira Sinda. Miyendo itayamba kuwavuta anatsegula shopu iyi, n'kugula kompyuta yapadesiki kwa munthu wina wa ku Chipata, pamodzi ndi pulinta. Anthu amabwera kudzajambulitsa zithunzi za pareji, chiphaso cha boma chija, ndi za pamakhadi a alimi, ena kudzaikitsa nyimbo m'mafoni.

A Bernard anaphunzitsa akazi awo kompyuta m'njira yawoyawo. Mafoda, timatumba tosungiramo zithunzi tija, sanawapatse maina, poti akazi awo sakanawawerenga. Anawayala pasikirini monga mmene midzi ilili pamsewu waukulu. Pakati ndi Katete. Kumanzere ndi kolowera ku Lusaka, ndipo anthu a ku Sinda ali kumeneko. Kumanja ndi kolowera ku Chipata. Vubwi ili pansi pakona yakumanja, yokhayokha. Munthu akabwera kufuna chithunzi chake chakale, amake Zione safunsa dzina. Amafunsa kuti, "Kwanu n'kuti? Mumatsikira pati?" Kenaka dzanja limayenda ndi mausi ngati minibasi, n'kuima pamalo pake.

A Bernard atamwalira, pa tsiku la kumeta achibale anakhala pansi kukambirana za katundu. Alongo awo a malemu ankafuna kuti shopu ipite kwa mwana wawo, a Trevor, poti kwathu kuno muphwa ndiye amalowa m'malo mwa amalume ake, komanso a Trevor anaphunzira za makompyuta ku koleji. Amake Zione anakana kupereka kiyi. Mapeto ake anagwirizana kuti apitirize kuyendetsa shopu malinga ngati akuikwanitsa okha. Tsiku limene adzalephere, a Trevor adzatenge. Mawu amenewo aliyense pamsika ankawadziwa.

Zaka zinapita osalephera. Mwana wawo Zione anamaliza sukulu ndi ndalama za m'shopu imeneyi. Mafoda anachuluka, msewu wa pasikirini unadzaza, ndipo iwo ankawonjezera midzi ina imene amuna awo sanafikeko.

Kompyutayo inali ndi Windows 7, imene anthu amangoti Seveni. A Trevor akabwera kuchokera ku Chipata, nkhani inali imeneyo basi. Tsiku lina anapeza a Christopher, okonza mafoni pashopu yoyandikana nafe, akudya vitumbuwa vyanga pakhonde.

"Anti, iyi Seveni inafa kale," anatero a Trevor ali pakhomo. "Eni ake anasiya kuisamalira. Manje fulashi iliyonse imene muloŵetsa ibwera na matenda. Tiikemo Teni."

Bodza panalibe. Mwezi womwewo nyimbo za kwaya ina zinali zitasowa m'fulashi, ndipo amake Zione anachita kupepesa.

"Teni yake iti?" anafunsa a Christopher pakamwa pali podzaza. "Homu kapena Pulo?"

"Pulo. Homu ni ya ana osewera magemu."

"Pulo ya chiyani m'kachipinda aka? Pulo n'nja maofesi a makompyuta ambirimbiri. Muno ilipo imodzi, ndi nyalimata wa pakhoma uyo. Kapena mufuna kumulumikiza nayenso?"

"Iwe ukonza chabe machaja, ungadziwe chani?"

"Ndimadziwa kuti munaikira aphunzitsi aja Eyiti, n'kukhala mlungu wonse akufuna pozimitsira. Ngati mumakonda zatsopano, bwanji osaika Ileveni?"

"Makina aya sangainyamule. Ni akale."

"Ndiye Ileveni singakwere, Teni nayonso akuti masiku ake akutha. Mufuna kuwasamutsa amayi m'nyumba yodontha kuwalowetsa ina yoti igwa chaka chamawa."

Anakangana mpaka mafuta anga anazizira. Amake Zione sanacheuke n'komwe. Anali akudula zithunzi ndi lumo. Atamaliza anati, "Mwatha? Yanga ikugwira ntchito. Chokani pakhomo, mukutchingira anthu."

A Trevor anaseka. "Anti, tsiku lina izakukhumudwitsani."

"Ikadzandikhumudwitsa ndidzakuitana. Sindinakuitane."

Nthawi yokumba nshawa itafika, amayi awo a amake Zione anadwala ku Vubwi, ndipo iwo anatseka shopu n'kupita. Mawa lake ndinaona a Trevor akutsegula loko. Kiyi ina anali nayo kuyambira nthawi ya amalume awo. Anandipatsa moni bwinobwino n'kunena kuti akufuna kuwadabwitsa anti awo. Anakhala m'menemo tsiku lonse. Zithunzi zonse anazisamutsira kaye m'kabokosi kawo kosungiramo za pakompyuta, n'kufufuta Seveni, n'kuika Teni Pulo, kenaka n'kubwezera zithunzi. Potuluka anali wokondwa zedi. Anandiuza kuti palibe chimene chatayika ngakhale chimodzi, ndipo akonzanso chisokonezo chimene chinali pasikirini.

Amake Zione anabwera Lachisanu m'mawa, fumbi la ku Vubwi lili m'tsitsi. A Trevor anali atafika kale kudzawadikira. Amake Zione atayatsa kompyuta, ndinaona msana wawo ukuuma. Sikirini inali yabuluu wachilendo. Mafoda onse anali atafola m'mizere kumanzere ngati ana asukulu pa asembule. Katete panalibe, Sinda panalibe, pakona ya Vubwi panali popanda kanthu.

"Ndani wakupatsa chilolezo?" Mawu awo anali otsika.

"Ni mphatso, anti. Onani mmene ithamangira manje."

Amake Zione asanayankhe, panafika mayi wina atamanga chitenje chakuda kumutu, maso ali ofiira. Ankalankhula mosakaniza ndi Chinsenga monga amachitira a ku Sinda. Atate ake anali atamwalira kuchipatala, ndipo galimoto yonyamula maliro inali itaima pamsewu. Kumudzi kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Chokhacho chimene anajambulitsa m'moyo wawo wonse wa ukalamba chinali cha pakhadi la alimi, ndipo anajambulitsira muno. Khadilo linatayika. Ana ena ali ku Kitwe sanawaone atate awo zaka zambiri, ndipo banja linkafuna chithunzi choika pabokosi.

"Ndawakumbukira," anatero amake Zione. "Aatali, chikope china chogwa. Anakana kuvula chipewa mpaka ndinawanyengerera."

Mayi uja analira atamva zimenezo. Dzanja la amake Zione linapita lokha kumanzere chakumunsi, kumene kunkakhala midzi yopitirira Sinda, n'kutsegula foda imene inali pamenepo. Munali ukwati wa ku Mkaika.

"Pepani anti, ndipatseni mpando," anatero a Trevor. "Teni ili na posakira. Ningolemba dzina chabe."

Amake Zione sanachoke pampando, koma anawalola kuweramira pa kiyibodi. A Trevor analemba dzina la malemu. Palibe chinatuluka. Analembanso Sinda, osatuluka kanthu. Apo m'pamene anayang'anitsitsa n'kuona kuti mafoda onse ali ndi dzina limodzi lomwelo lachingerezi limene kompyuta imapereka yokha, kusiyana manambala okha. Zithunzi za mkati nazonso zinali manambala okhaokha a kamera.

Kunja galimoto inayamba kuliza hutala. Mayi uja anayang'ana pakhomo, n'kuyang'ananso sikirini. Anadikira pang'ono, koma mwamuna wina anabwera kudzamutenga, ndipo anapita opanda chithunzi. Amake Zione anamuthamangira mpaka pakhonde n'kumufunsa mudzi, potsikira, ndi nthawi yoika maliro. Anati mawa masana.

Atabwerera anapeza a Trevor atakhala pampando paja.

"Anti, palibe manyazi apa," anatero modekha. "Mwagwira ntchito zaka zambiri. Makina asintha, afunika munthu wowerenga. Mukumbuka zimene anakamba akuluakulu pa kumeta paja. Ine niziyendetsa, imwe muzipumula, sitizakutayani."

Anthu anali atayamba kusonkhana pakhonde, a Christopher ali patsogolo.

"Nyamuka," anatero amake Zione.

"Anti..."

"Anati tsiku limene ndidzalephere. Sananene kuti tsiku limene udzandikole mwendo. Nyamuka pampando wa amalume ako."

A Trevor ananyamuka. Iwo anakhala, n'kutsegula foda yoyamba pamzere. Anayang'ana nkhope. "Awa ndi a kwa Kagoro." Anaigwira ndi mausi kuikokera kumene inkakhala kale. Atangoisiya, inadumpha n'kubwerera pamzere. Anayesanso, inabwereranso.

"Ninaika kuti zizifola zokha," anatero a Trevor. "Zioneka bwino so."

"Masula."

"Koma zizasokonekeranso."

"Trevor, wamanga ndiwe. Masula, ndipo undionetse pamene wagwira, pang'onopang'ono, kuti mawa usadzandimangirenso."

A Christopher anatsokomola dala pakhomo. "Pulo ija ndi imeneyi, bwana? Yomanga mbuzi pachingwe?" Ena anaseka, koma amake Zione anawayang'ana kamodzi kokha ndipo kusekako kunathera pomwepo. A Trevor anawerama n'kudina. Iwo anawauza kuti abwerezenso, ndipo ulendo wachitatu anachita okha. Anakoka foda ija, ndipo inakhala pamene anaisiya.

Tsiku limenelo sanadye. Makasitomala ena anawabweza kuti abwere tsiku lina. Ankatsegula foda, kuyang'ana nkhope, kutchula mudzi, n'kuikokera kwawo. Ina inkawavuta, makamaka ya nthawi ya a Bernard, ya anthu amene iwo sanawajambule okha. Imeneyo ankaiunjika pamwamba kuti adzaione bwino tsiku lina. Penapake anandiitana kuti ndiwawerengere kabokosi ka mawu kamene kanatulukira mwadzidzidzi. Chingerezi changa n'cha pulayimale, koma tinagwirizana kuti kakufunsa ngati tikufuna zina zatsopano, ndipo iwo anati ndikauze kuti ayi.

Malaiti anapita masana, monga amachitira. Anakhala pampando pomwepo manja ali pamiyendo mpaka anabwera. A Trevor ankalowa ndi kutuluka, osadziwa poima. Kenaka anagula botolo la maheu n'kuliika pambali pa mausi. Iwo sanalikhudze.

Dzuwa litapendeka ndinamva akuti, "Ndi awa." Nkhalamba yaitali, chikope china chogwa, pamphumi pali mzere wa chipewa chimene anali atangovula kumene. Koma pulinta inakana kugwira ntchito, chifukwa inali isanadziwane ndi Teni. Apa a Trevor anathandiza ndithu. Anatuluka thukuta akusakasaka pafoni yawo mpaka pulinta inalira. Chithunzi chinatuluka chachikulu, choyera bwino kuposa mmene zinkatulukira kale, ndipo amake Zione anavomera okha kuti zimenezo n'zoona.

M'mawa mwake amake Zione anafika ndi loko watsopano wa pamsika. Wakale anamupereka kwa a Trevor pamodzi ndi kiyi imene anali nayo iwo, kuti akatsekere khola la nkhuku la amayi awo. Kiyi yatsopano anaimanga pakona ya chitenje. Chithunzi anachiika pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike, n'kukwera minibasi ya ku Sinda. Anabwera madzulo miyendo itatupa, poti kuchokera potsikira anayenda pansi mtunda wautali. Anandiuza kuti anafika anthu akunyamula bokosi, ndipo mwana wa ku Kitwe uja anachigwira chithunzicho osafuna kuchisiya.

Alongo awo a malemu anabwera Lamlungu kudzafunsa ngati n'zoona kuti shopu yawakanika. Amake Zione anawakhazika pa benchi, n'kuwafunsa kuti atchule munthu aliyense wa kumudzi kwawo. Anatchula. Dzanja linayenda, n'kuima, ndipo nkhope inatuluka. Mayiwo anamwa tiyi n'kubwerera.

Msewu wa pasikirini sunathebe kumangidwa mpaka lero. Pamwamba pakadali mulu wa mafoda osadziwika kwawo, ndipo pakakhala palibe anthu amatsegula imodzi n'kuitana aliyense wodutsa kuti aone ngati akuzindikira nkhope. Seveni sanaibwezeretse. A Christopher anadzipereka kuti awaikirenso, koma anakana. Anati anavutika kale kuiphunzira Teni, ndipo sangalole kuti anthu azinena kuti inawathamangitsa.

Mwezi watha a Trevor anabweranso, n'kuima pakhomo osalowa. Anati Teni nayonso eni ake aisiya, ndipo pakufunika makina ena oti anyamule Ileveni.

"Bweretsa," anatero amake Zione osacheuka. "Ileveni, Thwelofu, iliyonse. Koma udzaiika ine ndili pampando pano, iwe uli chiimire. Ndipo Vubwi usaikhudze."