Tiyi wa pa Kasupe

Raul, mwamuna wa ku Domwe ku Angoniya, wakhalitsa ku Kroondal, dera la migodi la kutali ndi Johannesburg, moti agalu a m'mafamu anasiya kalekale kumuuwa. Anabwera ndevu zikadali zakuda, atapanikizana ndi anzake kumbuyo kwa lole imene inadzera njira zam'mbali mpaka kukawatula ku Brits. Anayamba ndi mgodi. Kontalakiti itatha analowa ntchito ya m'maluwa pa nyumba ina yogona alendo m'munsi mwa phiri, ndipo mpaka lero ali pomwepo, kudula kapinga, kuthirira ndi kukangana ndi anyani obera malalanje.

Munthuyu ndi waulemu, samwa, satukwana. Chilema chake n'chimodzi: sadziwa kuyankha mwana kuti "sindikudziwa".

Pochoka kwawo anasiya mwana wamkazi, Elisa, asanayambe sukulu. Tsiku lina pa foni mwanayo anafunsa ngati n'zoona kuti nyumba za mu Johannesburg zimagunda mitambo, chifukwa anali atauza kale anzake kuti bambo ake amazidziwa zonse. Raul mumzindamo anali asanapondemo. Nthawiyo mapepala ake anali atatha mphamvu, ndipo ankaopa apolisi kuposa njoka. Koma auze bwanji mwana amene wadzitama kale kubwalo? Anangoti adzamufotokozera bwino Lamulungu.

Mwayi, kapena tsoka, sabata yomweyo bwana wa panyumba ya alendo ija anataya buku lina limene mlendo analiiwala m'chipinda. Linali buku lonenepa, la zithunzi ndi mapu, lolembera anthu odzaona malo: kumene angagone, kumene angadye, msewu woyenda ndi msewu wopewa. Raul analitola m'bini n'kulipukuta. Chingerezi chake chinali cha "yes boss" basi, choncho ankapita nalo kwa Mercy, mayi wa ku Chipata amene amaphika pamalopo, kuti amumasulire pa nthawi ya chakudya chamasana.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse Elisa ankalandira tsamba limodzi la mzinda. Koma tsamba limene onse awiri analikonda linali la malo ena omwera tiyi pafupi ndi kasupe wothovoka m'mwamba, mipando ili panja pansi pa maambulera, nkhunda zikuyendayenda m'miyendo ya anthu. Raul ananena kuti iye amamwa tiyi pamenepo akaweruka ku tchalitchi. Bodza likakoma limafuna ndiwo, ndiye anawonjezerapo woperekera tiyi wina dzina lake Thom, amene akangomuona amabwera ndi kapu asanaitanidwe. Elisa sankadula foni asanapereke moni wa a Thom.

Mapepala anadzakonzeka, koma Raul kumzinda sanapitebe. Ankaopa kukapeza kuti ndi wosiyana ndi umene anamumangira mwana wake. Elisa anakula, anakhala mphunzitsi ku Ulongwe, ndipo ana a m'kalasi mwake nawonso anamudziwa kasupe uja pamodzi ndi a Thom.

Chaka chathachi Elisa anatenga pasipoti n'kunena kuti akubwera pa tchuthi. Chimene ankafuna chinali chimodzi: akamwe tiyi pa kasupe, apereke moni kwa a Thom pamaso, ajambule chithunzi chimene analonjeza ana a sukulu.

Mercy sanabise mawu. Anamuuza Raul kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo iye, pokhala wa m'maluwa weniweni, waposa onse. Anamulangiza kuti aulule mwana asanakwere galimoto. Anamuonetsanso kuti magalimoto a m'zithunzizo ndi aja anasiya kuoneka pamsewu, ndipo masiketi a azimayiwo ndi a nthawi ya utsikana wake. Raul anayankha kuti mzinda si mbuzi yoti n'kusuntha pamene anaimangirira. Za Thom ankati akamuuza mwanayo kuti ali pa tchuthi.

Ndiye anayamba kuloweza. Ankathirira maluwa milomo ikutchula mayina a misewu: ukatsika takisi ulowere kumanja, udutse misewu iwiri, uone nyumba ya wotchi pamwamba. Anajambula mapu pa dothi kuseri kwa shedi n'kumayendamo ndi chala. Mwana wa sukulu sakonzekera mayeso chotero.

Elisa anafika ndi atransipota, mtsikana wamtali, woyenda ngati mayi ake. Loweruka lake anakwera takisi ku Rustenburg, Raul atavala jekete ngakhale kunkatentha, chifukwa m'thumba lam'kati munali buku. Njira yonse ankaloza ndi chala n'kumafotokoza.

Atatsika, mzinda unamulandira ndi mahutala, utsi ndi anthu ogundana mapewa. Anayang'ana chikwangwani choyamba, dzina silinali lija analoweza. Chachiwiri chimodzimodzi. Misewu anaisintha mayina kalekale, buku osauzidwa. Anazungulira, anabwerera, akunamizira kuti akufuna mwana aone zambiri. Kawiri konse anatembenukira kukhoma ngati akukonza lamba, kuti asuzumire mapu. Thukuta linatsika mpaka m'masokosi.

Chinamupulumutsa ndi nyumba ya wotchi ija, ngakhale wotchiyo inali itaima. Kutsogolo kwake kunali bwalo, ndipo pakati pa bwalolo panali chibeseni cha simenti chouma gwa, chodzaza makatoni ndi mabotolo. Pamene panayenera kukhala maambulera panali shopu ya mabulangete.

Pambali pa chibesenicho mayi wina wovala mpango ankawotcha chimanga. Atamva Chichewa anawalonjera, nati ndi Zakia wa ku Mangochi. Elisa anakondwa, n'kufunsa mwaulemu ngati malo a tiyi atsekedwa lero lokha, ndiponso ngati madzi a kasupe azimitsa chifukwa cha chilala. Mayiyo anaseka. Anati iye anayamba kukhala pamenepo mwana wake woyamba ali kumsana, pano mwanayo ali ndi wake, koma dontho la madzi m'chibesenimo sanalionepo, kupatula la mvula. Tiyi ndiye ngakhale fungo.

Raul ankayembekeza kuti mwana amucheukira ndi maso ofunsa. Zikanatero bwenzi zili bwinoko. Koma Elisa anakwiya ndi mayi uja.

"Amayi, musatiyese alendo. Bambo angawa amamwa tiyi pano Lamulungu lililonse kuyambira ndili mwana. Kapena inu ndi amene mwabwera dzulo."

Zakia anaimika chokupizira moto. Elisa anapitiriza, mawu akukwera, kuti pano pali a Thom, afunse aliyense, ndipo bambo ake sananamepo chibadwire. Anyamata a mabulangete anatuluka kudzaonerera. Raul anaima pamenepo ngati mbuzi yonyowa ndi mvula. Mwana wake ankamenyera nkhondo ulemu wake pakati pa anthu, ndi mtima wonse, pa chinthu chimene iye anatola m'bini. Manyazi otere anali asanawamvepo, ngakhale tsiku lija kapitawo wa mgodi anamutukwana pamaso pa anzake.

"Elisa, asiye mayiwa," anatero chapansipansi. "Akunena zoona."

Anapisa dzanja m'jekete, natulutsa buku lija n'kumupatsa. Linatseguka lokha pa tsamba la kasupe, chifukwa ndi pamene linazolowera.

Pobwerera m'takisi, Elisa ankatsegula tsamba ndi tsamba, ndipo Raul ankaona ndi m'kona mwa diso ubwana wonse wa mwana wake ukudutsa pa zala: siteshoni ya sitima, msika wa maluwa, nyumba zogunda mitambo. Atadutsa Brits n'kuyamba kuona milu ya dothi la m'migodi, mtsikanayo anafunsa funso limodzi lokha, ngati a Thom nawonso ali m'bukumo. Raul anati ayi, amenewo anali ake.

M'mawa mwake Raul analawirira kumaluwa kuti asakumane ndi maso a mwana. Elisa anamupeza komweko ali m'ovolosi yong'ambika pabondo, majombo ali matope, paipi ili m'manja. Anayang'ana kapinga, maluwa ndi malalanje, kenako anatulutsa foni.

"Ndinalonjeza ana chithunzi cha kumene bambo anga amakhala Lamulungu."

Raul anapempha kuti ayambe wakavala jekete.

"Ayi, ababa. Jekete ndinaliona dzulo. Imani momwemo."

Anaima, madzi akutuluka m'paipi n'kumagwera pa majombo. Elisa anamuuza kuti adzutse mutu, koma khosi linakana, ndipo chithunzi chimene chinapita ku Ulongwe n'cha bambo woyang'ana pansi.