Mfuti yopepuka ndi jekete la apongozi

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti ndapeka, koma abale, ine ndi munthu wamkulu wa ana atatu, ndingapekerenji nkhani yondichititsa manyazi ndekha? Mano awiri akutsogolo amene ndimasekera leroli ndi oikirira, enieniwo anatsala m'matope mu depoti ya Limbe tsiku limene ndikufuna kukuuzanili. Maina sinditchula, chifukwa eni ake adakali moyo ndipo ena timapemphera tchalitchi chimodzi.

Ine ndili ndi malole awiri onyamula katundu kuchokera m'mashopu a ku Limbe kupita m'maboma. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, pageti panga penipeni ku Nkolokosa, anyamata atatu anandigoneka chafufumimba, chikwanje pakhosi, n'kupita ndi galimoto yanga. Galimotoyo inapezeka patatha masiku, koma mtima wanga sunabwerere m'malo. Munthu akangoyandikira windo pa roboti ndinkadzidzimuka, kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi khomo, ndipo ndikafika pageti ndinkadutsa kaye n'kukazungulira kawiri ngati wasochera. Mapeto ake ndinati basi, ndipeze mfuti. Ndinatsata zonse za lamulo, mafomu, zidindo za zala, kuyenderera miyezi mpaka chiphaso chinatuluka. Chimodzi chokha sindinachite, sindinawauze mayi akunyumba, poti ndinkadziwa kale kuti anganene kuti mfuti ikalowa pakhomo iwo akutuluka.

Kogulako, m'tauni mwa Blantyre, ndinapeza bambo wina wachimwenye waimvi, wolankhula Chinyanja chozama kuposa changa. Nditamuuza kuti ndikufuna yaing'ono yoti ndiziyenda nayo anthu osaona, anatulutsa ziwiri n'kuziika pakauntala. Ina inali yachitsulo yonse, yozizira, yolemera ngati hamala. Anati imeneyo idzandikoka lamba tsiku lonse, ndipo ndikamaileka ndi thukuta idzachita dzimbiri, koma ili ndi kaloko pambali koti ukatseka siiwomba ngakhale wina akoke. Inayo thupi lake linali lapulasitiki yakuda, chitsulo chili pamwamba ndi kumpope kokha, yopepuka, yosachita dzimbiri, koma yopanda kaloko kaja. Anati imeneyo chala chako ndiye loko wake.

Ndinamufunsa kuti akanakhala iyeyo akanatenga iti. Iye anandifunsa ngati kunyumba kuli ana, ndiponso ngati ndili ndi bokosi lokhoma losungiramo. Ndinanama kuti lilipo. Ndiye anati yopepuka anthu amaikonda chifukwa umaiwala kuti wanyamula, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ine m'mutu munangolowa mawu oti umaiwala kuti wanyamula, zinazo zinadutsa. Kodi si zimene ndinkafuna, chinthu chosaoneka ngakhale kwa munthu amene ndimagona naye chipinda chimodzi? Ndinatenga yapulasitiki.

Ndinali ndi jekete lakuda lapakaunjika, lochindikala, lolemera kale palokha. Telala wina wapakhonde ku Limbe anandisokera thumba lobisika m'kati mwake, kumunsi kwa khwapa, nditamunamiza kuti ndi losungira mapepala a malole. Mfuti ija inalowa ngati anachita kuyeza. Kutenthe kuzizire ine jekete, mpaka madalaivala anga ankandiseka kuti bwana ali ndi malungo osatha. Ndipo tinene zoona, ndinkayenda nayo chipolopolo chili kale m'njira, poti ndinkati akadzabweranso anyamata aja sadzandipatsa nthawi.

Ndiye mwezi wa Juni kunabwera apongozi anga aamuna, bambo awo a mayi akunyumba, kudzaonetsa maso kuchipatala. Ndi mkulu wa ku Mulanje, Mlomwe amene makolo ake anachokera kutsidya ku Mozambiki, wosunga mwambo kwambiri. Zaka zonse zaukwati wanga ine ndi iwo sitinadyerepo mbale imodzi kapena kuyang'anana m'maso. Iwo akakhala pabalaza ine ndili pakhonde, ndipo akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva. Anakhala nafe mlungu wathunthu.

Tsiku loti azibwerera kunacha bwinobwino, kuli dzuwa. Ine ndinali ndi zokasaina ku ofesi ina m'tauni kumene alonda amasecha pakhomo, choncho ndinakoleka jekete lija m'wadilobu, kumbuyo kwa masuti, n'kutsanzikana nawo apongoziwo chapatali monga mwa masiku onse. Cha m'ma 10 koloko kunatsika chiperoni, mukuchidziwa inu a kuno, kamvula kowaza ndi chifunga choti phiri la Soche osaliona. Nditatuluka mu ofesi muja ndinaimba foni kunyumba kufunsa ngati alendo anyamuka. Mayi anati ee, awakweza minibasi yopita ku Limbe papita ola, kenako anawonjezera akuseka kuti ndisadzalifune jekete langa lonyansa lija, awaveka bambo chifukwa amanjenjemera, ndipo mwina tsopano ndigula labwino.

Mayo ine! Ndinadula foni mayi akungoti halo, halo. Mwina mufunsa kuti kodi mayiwo sanamve kulemera? Akanamva bwanji, jekete lolemera kale, mfuti yake yoti ineyo ndinaisankha dala kuti isamveke? Ikanakhala yachitsulo ija ikanawakoka dzanja pongolichotsa pahang'ala. Apongozi foni analibe, anaisiya kumudzi. Ndinalowa m'galimoto, koma msewu wopita ku Limbe unali utadzaza, magalimoto akukwawa ngati ali pamaliro. Ndinaisiya pa filing'i siteshoni ina, sindikumbuka ngati ndinakhoma, n'kudumphira njinga yamoto ya kabaza. Mwini njingayo ndinkangomumenya pamsana kuti athamange, iye n'kumati madala, mukufuna tikafike kapena tikafere panjira?

Depoti ya Limbe kukamagwa chiperoni mumaidziwa, matope, utsi, maambulera, oitanira akukokerana anthu ndi zikwama. Ndinathamanga kumene kumaima za ku Mulanje, ndikusuzumira m'mawindo imodziimodzi. Ndikupemphera kuti ndiwapeze, ndikupempheranso kuti asakhale atapisa dzanja m'thumba lija. Kenako ndinamva phwete la anthu ambiri kutsogolo kwanga, kuseka kwenikweni kosangalala, ndipo ndinathamangira komweko.

Anthu anali atazungulira khomo la minibasi ina. Pampando woyamba panali apongozi, jekete langa lili m'thupi, nkhope ili mwee. Patsogolo pawo panaima woitanira wina wamtali wa chipewa chofiira, mfuti yanga ili m'manja, akuchita za m'mafilimu. Ankaloza amayi ogulitsa nthochi, iwo n'kumabisala kuseri kwa madengu akufa nacho chikhakhali. Woitanirayo ankati zidole za masiku ano azungu afika nazo patali, ukangoona msanga ungathawe. Kenako anatembenuka n'kuiika pamphumi pa apongozi, akuti madala perekani thumba la ufa mwanyamulalo. Mkulu uja anakweza manja m'mwamba akuseka mpaka kutsokomola. Chala cha woitanirayo chinali m'kati, pokhethemulira penipeni.

Anthuni, pamenepo ndinakalamba. Ndimudumphire? Chala chikanakoka chokha. Ndikuwe? Akanadzidzimuka, n'chimodzimodzi. Ndikhale chete kuti azitopa yekha? Nanga mwana ndani amene amagwira chidole chotere osafuna kumva kulira kwake? Komanso kunena kuti ndi yeniyeni, tonse tikudziwa zimene depoti imachita ndi munthu wopezeka ndi mfuti, safunsa chiphaso, amafunsa kuti tayala lili kuti. Ndinakumbuka kaloko kaja ka yachitsulo, kamene ndinakaona ngati kotayitsa nthawi, ndipo ndikanapereka malole onse awiri kuti kakhalepo mphindi imeneyo.

Ndinalowa pakati pa anthu pang'onopang'ono n'kugwada m'matope patsogolo pa woitanirayo, ine bambo wa tayi. Ndinamutchula kuti achimwene, ndi mawu otsika ngati ndikupempha madzi akumwa, n'kumuuza kuti awongole chala chake kaye, asachite china chilichonse, chifukwa chimene wagwiracho n'changa ndipo muli zipolopolo. Anaseka n'kuuza anzake kuti abwanawa amwa m'mawa, pulasitiki iwombe munthu? Ndinamupempha kuti aloze pansi, ndipo angonunkhiza pamwamba pakepo. Anatsitsa monyinyirika, akuyang'ana anzake, n'kununkhiza. Fungo la mafuta a mfuti silinama. Ndinaona nkhope yake ikusintha, milomo ikuchita mbuu, chala chija chikutuluka pang'onopang'ono ngati chikuchoka m'kamwa mwa njoka. Anaiika pansi n'kubwerera chambuyo.

Kenako mayi wina anakuwa kuti mbava, ali ndi mfuti! Ine ndinangodzigwetsa pamwamba pake n'kuifungatira pamimba, poti ndinadziwa kuti ikalowa m'dzanja lina m'chipwirikiti chimenecho wina afa. Chiphaso chinali m'chikwama m'thumba lakumbuyo, koma ndikanachitulutsa ndi dzanja liti? Zinayamba nsapato, kenako zibakera, kenako china cholimba chinandipeza pakamwa ndipo ndinamva mano akusweka ngati chimanga chokazinga. Ndinamva wina akuitanitsa petulo. Ndinayamba kutchula maina a ana anga mumtima.

Mwadzidzidzi china chake chinandigwera pamsana, chopepuka, chonunkha fodya ndi jekete langa lomwe. Anali apongozi. Mkulu amene sanandigwirepo ngakhale paphewa anandigonera thupi lonse, manja atandikulunga mutu, akukuwa mosakaniza Chinyanja ndi Chilomwe kuti uyu ndi mwana wake, wofuna kupha ayambe iwo. Mwala umene unali wanga unawapeza paphewa. Imvi za mkuluyo zinawachititsa manyazi ena, anayamba kuletsana okhaokha, ndipo apolisi a pafupi pomwepo anafika nthawi imeneyo n'kutitola tonse awiri.

Za kupolisi sindichulutsa. Chiphaso anachiona kuti n'chenicheni, koma anandifunsa kuti mfuti yodzaza imapezeka bwanji m'wadilobu yosakhoma m'nyumba ya ana atatu. Mfutiyo sinabwererenso kwa ine ndipo sindinailondole. Mayi akunyumba anatipeza kuchipatala madzulo ake. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangondifunsa kuti miyezi yonseyi akamapachika zovala zanga m'wadilobu muja, mwana wathu wamng'ono akusewera m'miyendo mwawo, ine ndinkagona tulo bwanji.

Koma chimene chimandidzutsa mpaka lero ndi chimene ananena apongozi pabenchi yachipatala, mkono uli m'nsalu. Monga mwa mwambo wawo sanayang'ane ine, anauza mwana wawo. Anati poyembekeza kuti minibasi idzaze amafuna poika kabuku kawo kakuchipatala kuti kasanyowe, ndiye anapeza thumba lija. Ataona kuti muli mfuti yapulasitiki, mtima wawo unasangalala kwambiri. Anaganiza kuti mkamwini wawo, pokhala wamanyazi, wabisamo dala mphatso ya adzukulu anayi amene amakhala nawo kumudzi, ana a malemu mlamu wanga. N'chifukwa chake anaitulutsa, kuti anthu aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu woganiza ana amasiye. Anati anali atakonza kale kuti anawo azisewera nayo mosinthana kuti asamenyane, ndipo ayambe ndi wamng'ono, chifukwa ndi amene sachedwa kulira.

Mkono umenewo sunabwererenso bwino, khasu anasiya. Sanandidandaulirepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa mano. Ine mantha a achifwamba aja anandichoka, koma analowa ena. Ndikaona mwana akuthamanga ndi kamfuti kachidole pamsewu ndimaima mpaka ndione bwinobwino, ndipo pochoka pakhomo ndimasisita matumba a chovala chilichonse, ngakhale ndikudziwa kuti mulibe kanthu.

Anzanga a bizinesi amandifunsabe kuti pakati pa yachitsulo ndi yapulasitiki yabwino ndi iti, poti amati ine ndinayesako. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti chinthu chopha munthu chiyenera kumakulemera, uzichimva paliponse pamene uli, ndipo chizioneka kuti n'choopsa ngakhale kwa nkhalamba ya maso ofooka. Koma ngakhale mutagula yolemera ngati ng'oma ya mpanje, ngati mulibe pokhomera, ndiponso ngati akazi anu sakudziwa, musabwere nayo pakhomo. Kwathu kuno chovala sichikhala cha munthu mmodzi. Mlendo akazizidwa timamuveka chimene chili pafupi, mlamu akapita kofunsira ntchito amatenga jekete osapempha, ndipo palibe amene amayamba wasecha matumba. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Patapita milungu ndinabwerera ku depoti kuja kukapepesa woitanira uja, poti ndinatsala pang'ono kumusandutsa wakupha. Anandilandira bwino. Ndinamufunsa kuti ndikanachedwa pang'ono bwenzi zitatha bwanji. Anati masewerawo anali atatopa nawo kale, amafuna kuwabwezera madalawo chidole chawo kuti azipita nacho kwa adzukulu. Minibasi inali itatsala anthu awiri okha kuti idzaze.