A Rafaeli ndi Mbale ya Apongozi

Aliyense amene tayala la njinga linamuphulikirapo pa Namitambo amawadziwa a Rafaeli. Ndi bambo aja aafupi, a chipewa chothimbirira ndi girisi, amene amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi pampu, beseni la madzi akuda ndi mulu wa machubu omatamata. Anayamba kukhala pamenepo kalekale, njinga zamoto zisanadzaze msewu n'kuwalanda makasitomala. Njinga amaidziwa ndithu, ikangolira amadziwiratu ngati vuto lili pa tcheni kapena pa habu. Koma za m'nyumba mwawo, a Rafaeli ankazimva mochedwa ngati munthu wongodutsa pamsewu.

Kwawo ndi cha ku Mikolongwe. Kuno anabwera kudzakwatira a Maluwa, n'kumanga nyumba pamudzi pa akaziwo monga amachitira amuna ambiri kuno. Ponyamuka, amalume awo anawalangiza kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo apongozi aakazi ndi oopa: osawayang'ana m'maso, osakhala nawo mphasa imodzi, osadya pamaso pawo. Mabanja ena amathetsa manyaziwa ndi nkhuku, akuluakulu ali pomwepo. Kwa a Rafaeli, apongozi aamuna anamwalira nkhaniyo isanakambidwe, ndipo kenako palibe anaikumbukira. Motero iwo ndi apongozi awo, a Bibiana, anakalamba akuthawana. Akaonana panjira ya kudimba, wina ankapatukira kumanja, wina kumanzere. Tsiku lina onse anapatukira mbali imodzi n'kukakumana m'munda wa nandolo momwemo, ndipo mudzi unaseka mpaka kukolola.

Kudya kwa pakhomo paja kunali kogawika pawiri. A Rafaeli ankadyera pa khonde lakumaso, pampando, okhaokha. A Maluwa ankagwada, kuwasambitsa m'manja, kusiya mbale n'kubwerera. Nkhuku ikaphedwa, ntchafu inali yawo. Ena onse, a Maluwa, a Bibiana ndi ana awiri, Denis ndi Patience, ankadyera pamphasa kuseri, pafupi ndi khitchini. Denis atakula pang'ono anayesedwa kuti azidya ndi bambo ake, koma ankangotema kawiri n'kuthawira kuseri, chifukwa ku khonde kunali zii. A Rafaeli sanadandaule. Ankamva phwete kuseriko n'kumati ndi za azimayi, ndipo mumtima ankanyadira kuti pakhomo pawo pali ulemu.

Chokhacho chimene chinkawazunguza mutu chinali chakuti nkhani za ana awo ankazimva kwa anthu. Zoti Denis wasiya sukulu anauzidwa ndi kasitomala wina akupopa tayala. Zoti wapita ku Joni anadziwa ataona chikwama chatuluka. Zoti Patience ali ndi mnyamata wa ku Limbe anazidziwa ankhoswe atakhala kale pabwalo. Akafunsa, a Maluwa ankadabwa n'kunena kuti zimenezo zinakambidwa kale. Akafunsa kuti zinakambidwa liti, yankho linali lomwelomwelo, loti akudya. A Rafaeli ankavula chipewa, kukanda mutu, n'kuganiza kuti mwina makutu ndi amene akuwathera.

Chaka chatha, nyengo yothyola nandolo, Patience anabwera kumudzi kudzachira mwana wake woyamba. Miyendo itayamba kutupa, a chipatala cha mishoni anamugoneka, ndipo a Maluwa anamanga katundu kukamudikirira. Pakhomo panatsala anthu awiri okha, omwe aja othawana. A Bibiana panthawiyi miyendo inali itakana, maso akuona mwachimbuuzi, ndipo ankamwa mapilitsi a kuthamanga kwa magazi. Ankakhala m'kanyumba kawo kuseri. Zophika a Maluwa anasiyira a Joanna, msuweni wa a Maluwa wa nyumba yoyandikana. Koma a Joanna ankalawirira ku Limbe ndi madengu a tomato, ndipo madzulo ankangophika, kusiya mbale n'kuthamangira kwa amuna awo omwe ankadwalanso.

Mbale ya a Bibiana inayamba kubwerera mmene yapitira. A Rafaeli poyamba anati vuto ndi ndiwo, nagula matemba. Matembawo anabwerera. Anagula mandasi, kenako mpunga, n'kumasiya pakhomo pa kanyumbako, kutsokomola kuti amveke, n'kuchoka msanga. Pobwera madzulo ankapeza nyerere zikuchita phwando. A Joanna akafunsa, gogoyo ankangoti sakumva njala. Koma tsiku lina a Joanna atakhala pansi pang'ono, a Bibiana anatema kawiri, ndipo a Joanna atangonyamuka dzanja linabwereranso pachifuwa. A Rafaeli anamva zimenezi n'kusowa pogwira. Njala yobwera ndi munthu n'kuchokanso ndi munthu anali asanaimvepo.

Anaimbira foni a Maluwa.

"Bambo a Denis, amayi sadya okha," anatero a Maluwa, phokoso la m'wodi likumveka kumbuyo. "Chibadwire sanadyepo okha. Nsima siitsika."

"Ndiye nditani?"

"Mudye nawo."

"Ine?"

"Nanga pakhomopo pali winanso?"

Mayunitsi anathera pomwepo, a Rafaeli n'kutsala akuyang'ana foni.

Mutu umodzi susenza denga, choncho m'mawa anafunsira nzeru. A Mubarak, amene amagulitsa sipeya wa njinga pafupi ndi mango uja, anawomba m'manja n'kunena kuti zimenezo n'zochititsa manyazi, munthu wa imvi sangayambe lero kutafuna pamaso pa apongozi, mudzi ungati wapenga. A Francisko, katekisiti wa kutchalitchi kwawo, anati palibe tchimo, pakuti Ambuye ankadya ndi aliyense. A Rafaeli atafunsa ngati iwo anadyapo ndi apongozi awo, a Francisko anatsokomola n'kunena kuti awo amakhala kutali. A Rafaeli anabwerera kunyumba atasokonezeka kuposa mmene anachokera. Ulemu umene anausunga moyo wonse ndi womwe tsopano unkapha munthu ndi njala, ndipo sankadziwa kuti auike pati.

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, anatsokomola pakhomo pa kanyumba koma sanayankhidwe. Anasuzumira ndi diso limodzi. A Bibiana anali chigonere pamphasa, milomo itauma, mapilitsi ali pambali osamwedwa. Mantha anawagwira a Rafaeli. Anaganiza za a Maluwa akubwera ndi mdzukulu n'kupeza maliro, iwo mwamuna wamkulu atangoyang'ana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakatenga mbale zawo ku khonde, nsima ndi nkhwani wotendera, nakhala pansi panja pa kanyumbako atatsamira khoma. Anasamba m'manja mwaphokoso, nayamba kudya mokweza kuti zimveke mkati.

Kenako mawu ofooka anatuluka, olunjika kwa nkhuku imene inkatolatola pakhomo.

"Iwe nkhuku, kawauze eni mudzi kuti akutafuna ngati akuthamangitsidwa."

A Rafaeli anatsamwa. Atameza, nawonso anauza nkhukuyo kuti ikanene kuti ndiwo zakoma lero, zikufuna anthu awiri. Nkhuku inabweretsa yankho loti munthu sadya ndi khoma, ndiponso madzi osamba m'manja ali kutali. Pamenepo panalibenso pothawira. A Rafaeli ananyamula mbale ndi madzi, nalowa chammbuyo ngati galimoto yobwerera, n'kukhala pansi atayang'ana kuchitseko. Anakankhira beseni kumbuyo osatembenuka. Thukuta linali kamukamu. Anamva mphasa ikulira, kenako madzi akuchita chubwichubwi, kenako dzanja likukanda m'mbale. A Bibiana anadya mtanda wathunthu tsiku limenelo, namwa mapilitsi awo.

Kuyambira pamenepo a Rafaeli ankatseka msanga ku mango kuti akadye ndi apongozi. Kudya chopereka msana kunavuta, chifukwa dzanja linkaphonya mbale ya ndiwo, motero anayamba kukhala chammbali, maso ali pakhoma. Anazindikira kuti apongozi awo, amene ankawaopa ngati mkango, anali munthu wosusuka. Ngakhale maso anali ofooka, nsomba yaikulu ankaipeza ndi iwo. Analinso olongolola. Pakamwa pakangolowa chakudya, nkhani zinkatuluka: za munda wa kudambo, za ansembe akale, za mmene Patience ankabisira therere pansi pa mphasa ali mwana. A Rafaeli ankangoti eya, eya, akudabwa kuti zonsezi zinkachitika kuseri kwa nyumba yawo yomwe.

Tsiku lina, akudya nandolo wamuwisi, a Bibiana anatchula Denis. Anati mwana uja ankakonda njinga ngati bambo ake. Anakonzapo njinga ya aneba kuseri kwa khitchini ndi sipanala yobwereka, ndipo madzulo alionse pamphasa ankanena kuti mawa bambo amuitana kuti akawathandize ku mango. Anadikira, osaitanidwa, mpaka anatopa n'kutsatira anzake ku Joni.

A Rafaeli anasiya mbamu m'mbale. Iwo moyo wawo wonse ankalakalaka mwanayo atabwera ku mango, koma ankaganiza kuti amanyansidwa ndi girisi, ndipo sanafune kumukakamiza. Anaiwala malangizo a amalume, natembenuka kuwayang'ana apongozi kumaso.

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Akanakuuzirani kuti, apongozi?" anatero a Bibiana akunyambita chala. "Ku khonde timapititsa mbale, nkhani zimatsala kuno."

Mawuwo anawapweteka a Rafaeli, ndipo anakhala nawo masiku. Pansi pa mango ankamata chigamba pamalo opanda bowo. Ankafuna wina woti amukwiyire koma sanamupeze. A Maluwa ankagwada powapatsa madzi, amalume anawalangiza zabwino, ntchafu ya nkhuku sinaphonyepo. Aliyense anachita zoyenera, nanga mwana anadutsa pati? Sankadziwanso ngati pa khonde paja ankalemekezedwa kapena anangoikidwapo kuti asasokoneze. Anaimbira Denis, koma atangomva mawu ake anangofunsa ngati kumeneko kukuzizira.

Patience anachira bwino, mwana wamkazi. Tsiku limene anatuluka m'chipatala, pakhomo panadzaza azimayi ndi nthungululu, ndipo a Maluwa anapeza amayi awo atakhala panja akuothera dzuwa, masaya atabwerera. Anayamika a Joanna, a Joanna n'kuloza a Rafaeli ndi mlomo, koma a Maluwa anali ndi zambiri zoti aone. Alendo atabalalika a Maluwa anaphika nkhuku, nakonza zonse monga kale: mpando pa khonde, madzi, mbale zovundikira, ntchafu. A Rafaeli anakhala pamalo pawo. Mbali ina mtima unati zatha, zinthu zabwerera m'malo mwake. Koma anavundukula mbale n'kungoiyang'ana, khutu lili kuseri.

Posakhalitsa a Maluwa anatulukira, nkhope itakwinyika.

"Bambo a Denis, amayi mwawatani? Akukana kusamba m'manja. Akuti anthu sanakwane."

A Rafaeli ananyamula mbale zawo, imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo, nazungulira nyumba. Atafika kuseri, Patience anasiya nkhani pakati, nakoka chitenje kufunditsa mwana amene ankayamwa. A Maluwa anathamanga kuti akatenge mpando, amuna awo n'kuwakaniza ndi mutu. Pamphasa panalibe malo awo, poti sipanakhalepo malo awo. Anaima choncho ndi mbale m'manja, akuganiza zobwerera, mpaka a Bibiana anadzikhwekhwereza pang'ono kusiya kampata. A Rafaeli anakhala pansi, mawondo akulira. Gogoyo anatambasula manja ku beseni.

Anayamba kudya mwamanyazi, aliyense maso ali m'mbale. A Bibiana anafufuza ndi zala mpaka anapeza ntchafu ija, naitenga osapempha. Pang'ono ndi pang'ono nkhani zinayamba, za namwino wina waukali, za dzina la mwana, ndipo a Rafaeli anaiwala kuti akuonedwa. Kenako anaona kuti Patience wasiya kutafuna, akuwayang'ana ngati akuona mlendo.

"Ababa, kodi mumaimba mukamadya?"

A Rafaeli anayang'ana mwana wawo, nayang'ana akazi awo. A Maluwa nawonso anali akudikira yankho. Iwo sankadziwa kuti amaimba, panalibe munthu anawauzapo.

"Amatero ndiwo zikakoma," anatero a Bibiana, fupa lili m'kamwa. "Asiyeni adye."