Chitoliro chinasowa m'mbale yanga

Chifuwa chinandiyamba mu Meyi, patangotha miyezi iwiri chibwerereni ku Joni. Ndinkati ndi mphepo ya mwera. Pofika Julayi ndinali nditaonda, ndipo tsiku lina padoko ndinalavula magazi. Kuchipatala anapima makhololo n'kundiuza kuti ndi chifuwa chachikulu. Anandigoneka miyezi inayi.

Ku Joni ndinabwerako ndi galamafoni ndi mbale zitatu za nyimbo imodzimodzi ya jazi. Anthu a kwathu ku Chikale ankandiseka kuti ndinagula mbuzi imodzi katatu, koma sankadziwa kanthu. Yoyamba anaijambula anthu akuda a ku Amereka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, lipenga likutsogolera mwapang'onopang'ono. Mu yachiwiri munalowa mayi woimba mawu. Yachitatu, yapamtima panga, oimba a ku Joni anaithamangitsa ndi kachitoliro kamalata.

Kuchipatalako m'mawa uliwonse tinkakhala pamzere kudikira jakisoni, kenako mapiritsi odzaza dzanja. Mwezi wachitatu makutu anayamba kulira ngati nyenje, ndipo poyenda ndinkadzandira. Namwino ankafunsa sabata iliyonse ngati tikumva zachilendo m'thupi. Ine, pofuna kutuluka msanga, ndinkati zonse zili bwino.

Tsiku lomwe ndinafika kunyumba ndinapukusa galamafoni n'kuika mbale yachitatu. Ng'oma ndinazimva, gitala ndinamumva, chitoliro munalibe. Ndinasintha singano kawiri. Kenako ndinakalipira akazi anga, a NyaManda, kuti anasiya mbale yanga padzuwa. Iwo anandiyankha kuti:

"Ada, chitolirocho chikulira. Chikulira pompano."

Ndinakhala pansi. Ndinachita mantha kuposa tsiku lolavula magazi.

Nditabwerera kuchipatala, dokotala anati chinawononga makutu anga ndi jakisoni yemweyo amene anandipulumutsa. "Mukananena makutu atangoyamba, tikanasintha mankhwala. Zomwe zapita sizibwerera."

Lero chifuwa chinatheratu, ndanenepa, ndipo chitunda cha kutchalitchi ndimakwera osapuma. Mawu a amuna ndimawamva, koma amayi ndi ana akamalankhula ndimayang'ana milomo. A NyaManda ndinawapepesa, ngakhale manyazi ake sanandichokebe.

Anzanga ochokera kumigodi, chifuwa chikakana kutha pitani kuchipatala msanga, ndipo namwino akakufunsani musabise kanthu. Ine ndinanama kuti ndibwerere kunyumba mwachangu. Mwana wathu wobadwa chaka chatha akamaseka, ndimangoona pakamwa.