Timakilipi Khumi ndi Tiwiri ta a Osakoka

Amalume anga, achimwene awo a mayi, mumsewu wathu ankadziwika ndi dzina loti a Osakoka. Ntchito yawo inali yokonza mkati mwa magalimoto: kusoka mipando, kumata nsalu za kudenga, ndi kubwezeretsa mabolodi a zitseko, aja okutidwa ndi chikopa amene amabisa zitsulo zokwezera galasi. Bolodi lotere silikhomedwa ndi misomali. Limagwiridwa ndi timakilipi, tizitsulo topindika tating'ono ngati chikhadabo, tomwe timalowa m'timabowo ta chitseko n'kulira kuti thi. Munthu akakoka bolodi mwaphuma timathyoka. N'chifukwa chake aliyense woyandikira chitseko cha galimoto m'shedi mwawo ankalandiridwa ndi mawu amodzi moni asanabwere: "Osakoka!" Ankakuwa choncho ngakhale kunyumba, akazi awo, azakhali, akamatsegula firiji.

Anayambira kwa telala, kusokerera mabatani, koma anachokako chifukwa malaya amabwera ndi eniake olongolola. Timakilipi ankatisunga m'zitini za mkaka, chitini chilichonse mtundu wakewake. Kuyendetsa galimoto sanaphunzire. Ankati galimoto ikamayenda zinthu zimamasuka.

Chaka chimene amalume anayamba kuvala magalasi, kushedi kunafika lole ikukoka kagalimoto kofiira kamakedzana, ka mipando iwiri, kopanda denga, kaja kanapangidwira liwiro. Pachiwongolero panakhala dokotala wa mano wopuma pantchito, atavala chipewa ndi magulovu achikopa. Injini inali kwa makaniko chaka chachisanu ndi chimodzi.

"Bambo, chitseko changa chikulira," anatero adokotala.

"Chimalira mukamathamanga?" anafunsa amalume.

"Galimotoyi siyenda. Ndimangokhalamo m'mawa n'kumawerenga nyuzi. Chimalira ndikakhosomola."

"Takhosomolani."

Adokotala anakhosomola. Chitseko chinayankha kuti gwedegwede. Amalume anavula magalasi, nkhope ili gwa. "Chadwaladi," anatero.

Kuchotsa bolodi kunawatengera masiku awiri. Kuseri kwake kunali mabowo khumi ndi awiri, koma timakilipi tenitenito tinatsala titatu. M'mabowo enawo anthu akale anatsekamo chingamu, waya wa magetsi, ndi theka la chopanira zovala. Amalume anakhuthula zitini zonse pansi, osapeza kofanana nato. Anazungulira malo onse ogumulira magalimoto, ndipo kulikonse ankawauza kuti fakitale yake inatsekedwa iwo asanamere ndevu.

Ndiye anaganiza zopanga okha. Anayamba ndi nthiti za ambulera ya azakhali, osawauza. Azakhali anadziwa tsiku la mvula, atatsegula ambulera pamsika, iyo n'kuwafungatira kumutu ngati thumba. Sabata yonse amalume anadya chakudya chopanda mchere, ndipo chowawa kwambiri, chitsulo cha ambuleracho chinapezeka chofewa.

Adokotala ndi amene anabwera ndi nzeru. Anatulukira ndi chikwama chawo chakale, muli mapulayala onyezimira ndi waya wowongolera mano a ana. Kwa masabata atatu madoda awiriwo anakhala pabenchi limodzi, wina akupinda waya, wina akuyesa m'bowo. Adokotala ankasamba m'manja asanagwire kakilipi kalikonse, ndipo akamayandikira chitseko ndi pulayala ankachiuza motsitsa mawu kuti, "Sizipweteka, musaope." Amalume sankaseka. Ankaona kuti ndi ulemu woyenera.

Timakilipi tisanu ndi tinayi titakwana, amalume anayika bolodi, n'kumakankha ndi chikhatho bowo limodzilimodzi mpaka thi wa khumi ndi chiwiri. Adokotala analowa, nakhala, amalume n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

"Khosomolani."

Zii.

"Onjezani, chochokera pansi pamtima."

Adokotala anakhosomola mpaka misozi. Chitseko chinangoti duu. Anagwirana chanza nthawi yaitali, wina mkati wina kunja. Kenako adokotala anakoka chotsegulira kuti atuluke. Chinangobwera lobodo, ngati dzino logwedera. Onse awiri anatembenukira kubenchi, ndipo apo panagona kandodo kachitsulo kolumikiza chotsegulira ndi loko. Amalume anali atakaiwala kunja.

Galimoto za mtundu umenewo zinalibe chogwirira cha kunja, ndipo chitseko chinacho mwini wake wakale anachiwotcherera.

"Chotsani bolodi," anatero adokotala.

"Chitseko chili chotseka silingachoke. Ndipo likachoka, timakilipi tathu tithyoka. Ingodumphani, adokotala, denga palibe."

"Ine? Zaka makumi atatu ndakhala ndikulowa ndi kutuluka pakhomo. Sindine mbuzi."

Zoona zake zinali zoti chiuno chawo sichikanalola, koma zimenezo sananene. Anapinda manja n'kukhala.

Dzuwa linakwera. Azakhali anabweretsa tiyi n'kuwapatsira pamwamba pa chitseko. Anthu anayamba kusonkhana. Mayi wina wogulitsa malalanje, tsaya lili tutumu, atamva kuti mkuluyo ndi wa mano anawerama n'kuyasama. Adokotala anasuzumira, namuuza kuti dzinolo lichoke sabata yomweyo. Pofika masana panali mzere wa anthu asanu ndi awiri, amalume akuwalondolera kuti asatsamire chitseko.

Akazi a adokotala anafika cha m'ma thuu koloko. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana mzerewo, n'kufunsa amalume, "Achimwene, angakhalemo masiku angati?"

"Tikuyesetsa kuti atuluke lero, mayi."

"Musathamange," anatero, n'kusiya juzi ndi mapiritsi a shuga pampando winawo, ulendo.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana, mkulu wosalankhulalankhula. Anakwawira pansi pa galimoto, namasula mabawuti a mpando, n'kukoka tcheni chake chokwezera mainjini. Adokotala anafunsa kaye ngati adzakhale chikhalire ulendo wonsewo. Atawatsimikizira, anavala magulovu. Anakwera m'mwamba ndi mpando womwe, akuzungulira pang'onopang'ono, manja ali pamaondo, akugwedezera mutu anthu a pamzere mmodzimmodzi. Atatera pansi anaimirira, nakonza chipewa.

"Mwaona nonse," anatero. "Sindinadumphe."

Kandodo kaja sikanabwererenso m'chitseko. Awiriwo anagwirizana kuti ntchito yabwino chotero siyenera kusokonezedwa chifukwa cha kutseguka chabe. Patapita zaka ziwiri galimotoyo inagulidwa ndi wojambula zithunzi, amene anaiika m'situdiyo mwake kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa mapiri. Anthu amalowamo pokwera pa sitepe ya matabwa.

Pothokoza, adokotala anawapangira amalume mano oikirira, chifukwa awo akutsogolo anali atatha ndi kuluma ulusi. Manowo anatuluka aakulu pang'ono ndi oyera mopitirira, moti milomo sinkakumana. Munthu amene moyo wake wonse anali wokwinya nkhope anayamba kuoneka womwetulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Makasitomala anachuluka. Ana a mumsewu anasiya kuwathawa. Pamaliro ankawavula n'kuwaika m'thumba la jekete kuti anamfedwa asawaganizire zoipa.

Anagwirabe ntchito zaka zisanu ndi zitatu, mpaka zala zitakana kupinda. Atagonekedwa m'chipatala ndinapita kukawaona, ndipo ndinapeza akukangana ndi namwino. Iye ankati agogowa akupeza bwino, taonani mmene akusekerera. Amalume, mano onse ali pamtunda, ankamuuza kuti akumva ululu woopsa ndipo akwiya kwabasi. Namwinoyo anawasisita paphewa, nalemba pakhadi kuti wodwala ndi wansangala.